Achemwali, ajentiyo akuonetseni fomu musanamupatse ndalama

Achemwali, ndalama zimene ajenti akufuna kuti apezere mwana wanu malo ophunzira Chitchaina kapena Chifalansa kunja musapereke sabata ino, ngakhale atakuopsezani kuti malo atha Lachisanu. Mawu omwewo anauzidwa mayi anga mu ofesi ina ya pamwamba m'tauni muno mu Harare, momwe munali timbendera ta mayiko patebulo ndi zithunzi za ana ovala mikanjo ya digiri pakhoma. Mayi anatenga ndalama zawo za chipereganyu cha amayi a kutchalitchi ku Mbare, anagulitsanso makina awo osokera, ndipo bambo amene anali ajenti mu ofesiyo anatilembera lisiti n'kutitsimikizira kuti ndapeza sikolashipu ya boma la China ya digiri ya zaka 4, fizi, hositelo ndi chakudya zonse zili momwemo.

Zoona zake ndinakazimva nditaima pa kauntala yolembetsera ophunzira akunja mumzinda wina wa kumpoto kwa China, sutikesi ili pambali panga. Mayi wa pa kauntalayo anayang'ana mapepala anga, ndipo popeza Chingelezi chake chinali chochepa ndipo ine Chitchaina ndinkangodziwa moni, analemba manambala pa kalikyuleta n'kuitembenuzira kwa ine: fizi ya chaka chonse, hositelo ndi inshuwalansi, zonse zofunika kulipira ndisanapatsidwe kiyi wa chipinda. Ndinati ndili pa sikolashipu. Anapukusa mutu, naloza ndi cholembera pamwamba pa fomu yanga pomwe panalembedwa JW202. Mnyamata wa ku Tanzania amene anali kumbuyo kwanga pamzere ndiye anandifotokozera kuti wolandira sikolashipu ya boma la China amabwera ndi JW201, pomwe JW202 ndi ya ena onse, makamaka odzilipirira okha. Atafunsanso mayi aja, anandiuza kuti dzina langa silinali pa digiri iliyonse, koma pa kosi ya chilankhulo ya chaka chimodzi. Miyendo inalefuka, m'kamwa munauma gwa, anthu kumbuyo akung'ung'udza kuti ndichoke pa kauntala. WhatsApp kumeneko ndi yotsekedwa, choncho ngakhale kudandaulira mayi anga sindikanatha. Viza ya X1 imene ndinalowera imafuna kuti munthu atenge chilolezo chokhalira m'dzikomo pasanathe masiku 30, chilolezocho sichituluka popanda kalata ya sukulu, ndipo sukulu sinkafuna kupereka kalata kwa munthu wosalipira. Ukapitirira masikuwo, chindapusa ndi ma yuan 500 pa tsiku. Ndinagona pansi m'chipinda cha mnyamata uja, nditafunda jekete, ndikuwerengetsa ngati ndalama zimene ndinasokerera m'thumba la mkati zingakwane tikiti yobwerera ku Harare, ndipo sizinkakwana.

Nditapeza njira yoimbira, bambo uja anayankha kamodzi kokha, akuti sukulu yasintha ndondomeko ndipo ndipirire. Kenako foni yake inasiya kulowa. Mayi atapita ku ofesi kuja anapeza loko, ndipo patapita miyezi anthu anamuona atatsegula ina ndi dzina latsopano, timbendera tomwe tija tili patebulo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthuyu sanali mlendo. Ankalankhula nafe Chichewa, ankawatchula mayi anga kuti amayi, ankafunsa za kwathu ku Dedza, pa maliro ankakhala nafe ndi kuimba nafe nyimbo usiku wonse. Anadziwa kuti mzimayi wosoka zovala ku Mbare sangasiyanitse JW201 ndi JW202, ndipo anadyera pomwepo popanda manyazi. Amalume a ku Johannesburg ndi mpingo ndi amene anasonkha fizi ija, ndipo ngongole yake inatha ine nditabwerako kale.

Tsono mwana wanuyo ayambire konkuno. Ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kuli Confucius Institute, komwe amaphunzitsa Chitchaina ndi kulembetsa mayeso a HSK. Chifalansa chili ku Alliance Française mumsewu wa Herbert Chitepo, komwe amalembetsa mayeso a Chifalansa a DELF. Miyezi ingapo m'kalasi imaonetsa ngati mwana akuchikondadi chilankhulocho kapena akungofuna kukwera ndege, ndipo mapepala amenewa ndi omwe mayunivesite amafunsa: digiri yophunzitsidwa m'Chitchaina kawirikawiri imafuna HSK 4 kapena 5, pomwe ku France ambiri amafuna Chifalansa cha mlingo wa B2. Sikolashipu ya boma la China imayendetsedwa ndi China Scholarship Council, ndipo munthu amadzaza yekha fomu pa intaneti. Apa ife a m'gulu lino la Amalawi okhala ku Zimbabwe tisamale nkhani ya pasipoti, chifukwa malo amene mayiko awiri anagwirizana amapemphedwa kudzera m'dziko limene mwana ali nzika yake, kotero wa pasipoti ya Malawi asayembekeze kulowa pa mndandanda wa Zimbabwe ngakhale anabadwira ku Highfield.

Za ku France musanamizidwe kuti ndi zaulere. Mu 2019 boma linakweza fizi ya ochokera kunja kwa European Union kufika ma euro 2,770 pa chaka pa digiri yoyamba, ngakhale mayunivesite ena amachotserako, ndipo pa viza chaka chimenecho ankafuna umboni wa ma euro 615 pa mwezi a chakudya ndi pogona. Ndinenenso pang'ono za Chipwitikizi, chimene timachinyoza pomwe timadutsa Nyamapanda ndi Tete nthawi zonse popita kumudzi: ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane, mwana angabwere pa tchuthi pa basi, ndipo katundu wambiri wa mayiko athu awiriwa amadzera ku Beira. Sukulu iliyonse imene mwasankha, funsani kaye ku ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba kuno ku Zimbabwe, kapena ku bungwe linzake la NCHE ku Lilongwe ngati mwana adzagwire ntchito ku Malawi, kuti mudziwe ngati digiri yake idzavomerezedwa. Lemberaninso sukuluyo nokha pa imelo imene ili pa webusaiti yake, osati imene ajenti wakupatsani, mufunse ngati dzina la mwana lilipo, pa kosi iti, ya zaka zingati, ndi amene akulipira.

Komabe ndinganame nditati mwana asapite, kapena kuti kosi yopanda digiri ndi yachabe. Chaka chija chimene ndinachilowa ndikulira ndicho chinandipatsa Chitchaina chimene ndikudyera lero, chifukwa popanda ndalama ndinkagula ndiwo kumsika wa anthu wamba ndi kunenerera mtengo ndi agogo ogulitsa kabichi, pomwe anzanga a sikolashipu ankacheza okhaokha m'Chingelezi ku hositelo. Ndinabwerako ndi HSK 5, ndipo pa ntchito zonse zomasulira zimene ndagwira ku migodi ndi ku makampani omanga, palibe bwana amene anandifunsapo digiri. Amangokuyankhulitsa, ukamva n'kuyankha, ntchito wapeza. Sukulu yotchuka monga Beijing Language and Culture University, imene inayamba mu 1962 ndi ntchito yophunzitsa alendo Chitchaina, ndi yabwino kwa amene angaikwanitse, koma mumzinda waung'ono momwe anthu odziwa Chingelezi ndi ochepa mwana amaphunzira msanga ndiponso motchipa. Ndingakonde atawonjezerapo china chogwirika monga zamalonda kapena zowerengera ndalama, poti womasulira wosadziwa nkhani imene akumasulirayo amalipidwa zochepa.

Munthu wapakati amafunikabe, chifukwa mafomuwa ndi osokoneza ndipo wina ayenera kukachingamira mwana pabwalo la ndege. Ngati ajenti wanuyo angakuonetseni kalata yomulandira mwana ndi fomu ya JW201 yokhala ndi dzina lake, sukulu nayo n'kuvomereza pa imelo, mutha kumulipira theka, theka lina mwana akalandira kiyi wa chipinda. Jambulani kalata imene wakupatsani kaleyo, mubise dzina ndi nambala ya pasipoti, munditumizire ku inbox madzulo ano kuti ndikuwerengereni mbali imene yalembedwa m'Chitchaina.