Tifunseni: Kodi onenepa akhale ndi jimu yawoyawo?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Moatize. Msinkhu wanga ndi masentimita 160 ndipo ndimalemera makilogalamu 98. Kuchipatala anandiuza kuti BP yayamba kukwera, ndiyambe masewera olimbitsa thupi. Ndinapita kawiri ku jimu ina mumzinda wa Tete. Munali anyamata a zifuwa okhaokha, magalasi khoma lonse, ndipo wophunzitsa anandipatsa chingwe kuti ndizidumpha limodzi ndi atsikana. Bondo linatupa, ena ankaseka chamumtima koma ine ndinkaona. Sindinabwererekonso. Kodi sikungakhale bwino kuti ife onenepa tikhale ndi jimu yathuyathu?
Mayi wa ku Moatize

YANKHO: Pepani mayi ndi zimene zinakuchitikiranizo. Maganizo anuwa ena anawayesapo. Mumzinda wa Chicago ku America munatsegulidwa jimu yotchedwa Downsize Fitness mu 2011, yolandira okhawo amene kulemera kwawo kunapitirira muyezo ndi makilogalamu pafupifupi 23. Choncho funso lanu si lachibwana. Koma kuno kwathu ife sitikuona kuti ndiyo njira. Tete ndi mzinda woti anthu amadziwana, ndipo kulowa pakhomo lolembedwa kuti "onenepa okha" kungakuikeni pamaso pa anthu kuposa galasi lija. Komanso mukatsika makilogalamu 15, akuchotseni? Jimu yotere ingakhalenso yodula, chifukwa olipira lendi ndi magetsi angakhale ochepa.

Chimene chinakupwetekani kwenikweni ndi chingwe, osati kusowa kwa nyumba yapadera. Munthu akamangoyenda, bondo limasenza katundu wolemera kawiri kapena katatu kuposa thupi lake pa phazi lililonse limene waponda. Kwa inu ndiye kuti makilogalamu 200 mpaka 300. Podumpha katunduyo amakwera kwambiri, ndipo minofu ya m'ntchafu imene imagwira bondo ikakhala isanazolowere, mfundo ndiyo imalandira nkhonya yonse. Wophunzitsa wodziwa ntchito sapereka chingwe tsiku loyamba kwa munthu wa thupi ngati lanu. BMI yanu, muyezo wa kunenepa umene timaupeza pogawa kulemera ndi msinkhu wa m'mamita wochulukitsidwa pawokha, 98 kugawa ndi 2.56, ndi 38. Kunenepa kodetsa nkhawa kumayambira pa 30. Nkhani yabwino ndi yakuti kilogalamu imodzi imene mwataya imachotsera bondo katundu wa makilogalamu pafupifupi 4 poyenda.

Bondolo liyambe lapola. Ngati likadali lotupa, likutentha, likugwira poyenda kapena simungaliimire, pitani ku chipatala chaching'ono (centro de saúde) musanayambe china chilichonse. Muli komweko, apempheni akuyezeni BP ndi lamba wamkulu. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. BP ikakhala pa 180/110 kapena kupitirira, masewera adikire mpaka mankhwala ayitsitse.

Kenaka yambani chonchi. Masabata awiri oyamba yendani mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo, masiku asanu pa sabata, pamalo athyathyathya. Kuyambira sabata yachitatu onjezerani mphindi 5 pa tsiku sabata iliyonse, mpaka muzitha mphindi 30 mosapumira. Zikatero mwafika pa mphindi 150 pa sabata, zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ndiye poyambira kwa munthu wamkulu. Liwiro loyenera mulidziwa ndi pakamwa: muzitha kuyankhula ndi mnzanu koma kuimba nyimbo ya kwaya kuzikukanikani. Ngati mukulephera kumaliza chiganizo, mwathamanga.

Kawiri pa sabata, masiku osatsatizana, limbitsani minofu. Khalani pampando wolimba wotsamira khoma, imirirani osagwira mawondo, khalaninso pang'onopang'ono, ka 8 mpaka 12, pumani mphindi imodzi, bwerezani. Imani patali ndi khoma ngati kutalika kwa mkono, ikani manja pakhomapo, pindani zigongono, dzikankheni, ka 10. Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 5; chinyamuleni dzanja limodzi muyende masitepe 20, musinthe dzanja. Musagwire mpweya ponyamula, chifukwa kutero kumakweza BP mwadzidzidzi. Tulutsani mpweya pamene mukulimbana ndi katunduyo. Kuwawa kwa minofu kumene kumabwera mawa lake n'kutha m'masiku awiri kapena atatu si vuto. Kuwawa kobaya mkati mwa mfundo, kapena kutupa, ndiye chizindikiro choti mwachulutsa. Bwererani pa mlingo wa sabata yapita.

Mdani wanu wamkulu ku Moatize ndi dzuwa, osati maso a anthu. M'chigwa cha Zambezi, mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo thupi lalikulu limachedwa kutaya kutentha. Yendani pakati pa 5 ndi 6:30 m'mawa, kapena dzuwa likapendeka 5 koloko itadutsa. Imwani makapu awiri a madzi ola limodzi kapena awiri musanatuluke ndipo tengani botolo. Mkodzo ukakhala wachikasu chodera, madzi akuchepa m'thupi. Ntchafu zikamanyukana, pakani Vaseline ndipo valani kabudula wothina wofika pamwamba pa mawondo mkati mwa kapulana kapena siketi. Mukasamba, pukutani bwino m'munsi mwa mabere ndi m'mapindiko a pamimba, poti chinyezi chimabala zidzolo. Masilipasi ayi; nsapato zotseka zokhala ndi pansi pokhuthala, ngakhale za kaunjika, zikwanira. Mukamva kufinya pachifuwa, chizungulire kapena befu losatha mutapuma, siyani pomwepo mupite kuchipatala.

Nanga manyazi? Amenewo ndi enieni, sitikuwapeputsa. Mankhwala ake ndi gulu ndi nthawi. Mutu umodzi susenza denga: tenganani amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi a ku mpingo kapena a chipereganyu chanu, chimene kuno timati xitique, mukapemphe mwini jimu ola lanulanu, nthawi imene anyamata aja ali kuntchito. Mwini jimu sakana ma meticais a anthu asanu pa ola limene makina amangokhala. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ambiri safunanso ola lapadera.

Chinanso tikuuzirenitu, poti ndi chakwathu. Amene akuseka lero kuti "amayi akuluakulu akuthamangira chiyani" ndi omwewo adzanong'onezane mukatsika thupi kuti kapena mukudwala, kapena bambo akunyumba sakusamala. Kuno kunenepa timakuyesa chizindikiro cha mtendere. Auzeni apabanja ndi anzanu apamtima kuti ndi malangizo akuchipatala, ena onsewo asiyeni. Ndipo simukufunika kuonda ngati mtsikana: kutsika ndi makilogalamu 5 mpaka 10 okha kumathandiza kale BP ndi shuga.

FUNSO: Ine ndi bambo wa zaka 36 wa ku Ulongwe, ku Angonia. Ku jimu sindipita chifukwa cha mimba yangayi. Ndimadzikulunga pepala la pulasitiki pamimba n'kumachita masewera ogona chagada ndi kudzuka ka 100 tsiku lililonse. Patha miyezi iwiri, mimba ili pomwepo. Ndikulakwitsa pati?
Bambo wa ku Ulongwe

YANKHO: Bambo, pulasitikiyo muivule lero. Imatulutsa thukuta, ndipo thukuta ndi madzi ndi mchere, si mafuta. Sikelo ikatsika pambuyo pake, mukangomwa madzi imabwerera. Masewera a pamimbawo amalimbitsa minofu imene ili pansi pa mafuta, koma thupi silisungunula mafuta pamalo pamene mwaloza. Limatenga paliponse pamene lafuna. Kuwachita ka 100 kungokupatsani msana ndi khosi lowawa.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie (muyezo wa mphamvu yochokera m'chakudya) pafupifupi 7,700, pamene kuyenda mofulumira theka la ola kumawotcha ma calorie osafika 200 kwa anthu ambiri. Apa mukuona kuti mbale ndiyo ili ndi mphamvu. Chitini chimodzi cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi magalamu 35 a shuga, masipuni a tiyi oposa 8. Mowa, tchipisi cha mbatata ya kachewere imene Angonia amatchuka nayo, tiyi wa masipuni anayi ndi mitanda itatu ya nsima usiku, ndi zimene zikusunga mimbayo. Yambani ndi kuchotsa mtanda umodzi, malo ake muikepo ndiwo zamasamba ndi nyemba, zakumwa zotsekemera zikhale za apo ndi apo.

Inu muli ndi mwayi umene a mumzinda wa Tete alibe: kumtunda kwanuko n'kozizirira ndipo zitunda zili pakhomo. Kukwera chitunda wapansi kapena panjinga mphindi 30 mpaka 45 kumaposa zonse mukuchitazo. Dziyezeni ndi tepi ya telala pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya, kamodzi pa masabata awiri. Chiuno chisapitirire theka la msinkhu wanu: ngati ndinu wa masentimita 170, cholinga ndi kutsika pansi pa 85.

FUNSO: Ndine mnyamata wophunzitsa masewera pa jimu yaing'ono mumzinda wa Tete. Anthu onenepa amabwera sabata imodzi n'kusowa. Ndisinthe chiyani?
Wophunzitsa wa ku Tete

YANKHO: Achimwene, tsiku loyamba yambani ndi mafunso, osati sikelo. Funsani za BP, shuga, mawondo, msana ndi mankhwala amene akumwa. Wa shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide shuga wake akhoza kutsika kwambiri pochita masewera. Asayambe ndi njala, ndipo pakhale shuga kapena juwisi pafupi. Sikeloyo ichotseni pakhomo, ikhale pakona pobisika, ndipo nambala ya munthu musaitchule mokweza.

Werengani chikwangwani cha makina anu. Makina ambiri othamangirapo ogulidwa ngati a panyumba amalekezera pa makilogalamu 100 mpaka 120. Kulemera kukapitirira pamenepo, lamba amatsetsereka kapena mota imapsa, munthu n'kugwa pamaso pa onse. Njinga yokhala ndi chotsamira ndi chishalo chachikulu ndiyo yabwino kuyambira. Sankhani masewera oimirira ndi okhala pampando, chifukwa kugona pansi ndi kudzuka kangapo kumatopetsa komanso kumachititsa manyazi. Siyani mbali imodzi yopanda galasi, pafupi ndi fani. Letsani kujambula ena pafoni, ndipo woseka mnzake mumudzudzule pambali tsiku lomwelo. Phunziro loyamba lisapitirire mphindi 20, munthuyo atuluke akadali ndi mphamvu zokwerera chapa (minibasi), ndipo akajomba masiku atatu muimbireni foni.