Achemwali, za komiti ya kumudzi wa okalamba kuli amayi anuko

Achemwali, powerenga uthenga wanu, nditangofika pomwe mwati levy, ndalama ya mwezi ndi mwezi yosamalira malowo, yakwera kawiri chaka chimodzi koma mabuku a ndalama komiti ikuwakaniza amayi, mtima wanga wangoti myuu. Mbale ndazisiya m'sinki, ndiyambe ndakuyankhani.

Ife zinatigwera mu 2022 ndi azakhali anga, alongo awo a bambo. Anagwira unamwino zaka zoposa 30 m'zipatala za boma kuno ku Gauteng, ku South Africa. Amuna awo anatisiya kalekale, ana awo awiri ali kunja, ndiye wapafupi ndine. Atapuma anatenga ya penshoni n'kugula kanyumba ka zipinda ziwiri m'mudzi wa okalamba kuno ku East Rand, nyumba 60 ndi kachipatala ka ofooka kumapeto kwake. Ankanyadira bwanji! Geti, alonda, kapinga wometa bwino, ometawo anyamata akwathu omwe. Ankati apa ndiye ndafika, mudzandinyamulira pano.

Tsiku lina apeza kalata pansi pa chitseko. Nyumba iliyonse ipereke R18,000 ya madenga, pasanathe miyezi itatu. Special levy, yapadera pamwamba pa ya mwezi ndi mwezi ija. Munthu wodya penshoni, achemwali. Azakhali sanakane kuti madenga akudontha, kwawo komwe ankatchera beseni m'khonde. Funso lawo linali limodzi: mwezi ndi mwezi timapereka ya reserve fund, thumba losungira ndalama zokonzera nyumba, ndiye ili kuti? Analembera ofesi, zii. Analembanso kupempha ma quotation a okonza madengawo, zii. Atapita okha, mayi wa ku ofesi anawasisita paphewa ngati mwana n'kuwauza kuti asadzivutitse ndi zinthu zovuta, komiti ikudziwa chomwe ikuchita. Munthu amene wayendetsa wodi ya odwala 40 usiku ali yekha!

Apa m'pamene ndinalakwitsa ine. Ndinawauza kuti asapereke olo senti mpaka aonetse mapepala. Anandimvera.

Msonkhano wa pachaka unachitika mu July, kukuzizira koopsa, mu holo yomwe amaseweramo bingo. Hita imodzi pakona, tiyi ndi ma rusk patebulo. Ine ndinakhala kumbuyo, anandiuziratu pakhomo kuti sindine mwini nyumba ndiye pakamwa nditseke. Kutsogolo kunali wapampando, bambo amene anali atakhala pampandopo zaka zisanu ndi zinayi, pambali pake mayi wa kampani yoyendetsa malowo ndi laputopu, kenako ma trustee anayi, mamembala a komitiyo, atangoti ndwii. Anawerenga bajeti mothamanga ngati akuthawa mvula. Theka la anthu mu holomo amamva ndi timakina ta m'khutu, ndikukhulupirira sanatolepo kanthu. Atafika pa mafunso azakhali anaimirira. Anali atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno, kuimirira kokhako kunawatengera nthawi, dzanja lina pa ndodo, lina litagwira envulopu yomwe analembapo mafunso atatu kuseri. Anali atavala bwino ngati akupita ku Mvano. Anangoyamba kuti, ndikufuna kudziwa ndalama ya reserve, bambo uja n'kukweza dzanja. Anayang'ana pa laputopu ya mayi uja, n'kunena pa maikolofoni nambala ya nyumba yawo, dzina lawo, ndi ndalama yonse yomwe anali asanapereke, mpaka masenti a chiwongoladzanja. Kenako akuti amene ali ndi ngongole alibe voti ndipo alibe mawu pamsonkhano uno, tipitirize.

Holo yonse inangoti zii. Wina anakhosomola. Supuni inagwa pansi, palibe anaitola. Azakhali anaimabe chiimire, mwina theka la mphindi, koma kwa ine zinali ngati ola. Envulopu ija inkanjenjemera mpaka ndinkaimva kumbuyo komwe ndinali. Sakanatha kukhala pansi msanga chifukwa cha chiuno chija, ndiye anthu onse anawaonerera akutsika pang'onopang'ono, akufufuza mpando ndi dzanja. Palibe anawagwira. Inenso sindinadzuke, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero. Ndinauma thupi lonse.

Itafika nthawi yosankha komiti, bambo uja anatulutsa mulu wa mapepala m'chikwama. Ma proxy, makalata omwe mwini nyumba amalola wina kumuvotera. Ambiri anali a agogo a m'kachipatala kaja, ena oti ngakhale ana awo sawazindikira. Anthu omwewo anabwereranso pamipando, anthu n'kuwomba m'manja, n'kupita kukamwa tiyi.

Titafika kunyumba azakhali sanalire. Anayamba kutsuka makapu otsukatsuka kale. Patapita nthawi anangoti, mwana wanga, anthu ngati amenewa ndawasambitsa, ndawapukuta, ndawatseka maso, lero ndine wangongole. Usiku umenewo BP inakwera, tinagona ku casualty.

Bambo ameneyo, Mulungu andikhululukire, sindinamukhululukirebe. Amayenda m'mudzimo ndi mtolo wa makiyi m'lamba ngati malowo anawasiyira agogo ake. Akakumana nawe amamwetulira, kufunsa za chiuno, za adzukulu, pomwe kalata yako waikhalira. Ndipo musafulumire kunena kuti n'zosankhana mtundu basi. Zinalipo, sindikana, koma mmodzi mwa ma trustee anayi aja anali munthu wakuda ngati ife ndipo anangoyang'ana nsapato zake. Amene anagogoda m'mawa mwake ndi keke m'manja anali gogo wachibunu wa nyumba yoyang'anizana nayo, yemwe anagwira ntchito yowerengera ndalama moyo wake wonse. Anati nayenso funso lomwelo linkamudya zaka zitatu koma ankaopa. Mukudziwa chomwe amaopa okalambawa? Amene ukumufunsa za ndalamayo ndi yemwenso amalamula kuti giza yako ikonzedwe liti, ndi yemwe amalemba ntchito nesi amene adzabwere ukagwa m'bafa usiku. Khoswe wakhala pamkhate. Komiti imadziwa zimenezi, n'chifukwa chake imachita matama.

Gogo ameneyu ndi amene anatitsegula maso kuti bambo uja anatinamiza pamaso pa anthu. Malo a azakhali ndi sectional title, pomwe nyumba ndi yako koma bwalo ndi zina zapanja ndi za nonse, ndipo kuyambira pa 7 October 2016 malo otere amayendera Sectional Titles Schemes Management Act ya 2011 ndi malamulo ake. Zoti ukangotsalira levy voti yako yatha ndi za malamulo akale. Pano voti amakulanda pokhapokha khoti kapena woweruza wa CSOS, ofesi ya boma yomva madandaulo otere, atalamula kuti ulipire iwe n'kukana. Azakhali anali asanatengeredwe kulikonse. Za ma proxy, lamulo lomwelo likuti munthu mmodzi sangaimire eni nyumba oposa awiri. Iye anali ndi mulu! Maminitsi a msonkhano uliwonse, wa ma trustee kapena wa anthu onse, amayenera kutuluka pasanathe masiku 7. Mwini nyumba akapempha mwa kalata kuona mapepala a body corporate, bungwe la eni nyumba onse, ayenera kumuonetsa pasanathe masiku 10. Ngakhale pamisonkhano ya ma trustee mwini nyumba ali ndi ufulu wokhalapo ndi kulankhula, kuvota kokha ndiye ayi. Zonsezi zinali m'faelo yomwe azakhali anapatsidwa pogula nyumba, ili pansi pa bedi limodzi ndi ma X-ray. Ine amene ndinkalimbikitsa nkhondo ndinali ndisanaitsegulepo.

Tinalemba kalata ina, ulendo uno yotchula lamulo ndi masiku 10 aja, atasainira anthu awiri. Sanayankhebe. Ndiye tinapita ku CSOS, Community Schemes Ombud Service, ofesi ya boma yomwe imamva madandaulo a malo okhala anthu pamodzi ngati amenewa. Umadzaza fomu, umaonetsa kuti unayesa kaye kukambirana nawo, amakuitanani kuti mugwirizane, zikakanika nkhani imapita kwa woweruza, ndipo chigamulo chake chimagwira ntchito ngati cha khoti. Loya safunika. Koma kuchedwa kwake, mayo ine! Miyezi inapita tikungotumiza maimelo. Tsiku lokambirana litafika, mayi wa kampani uja anabwera ndi mapepala onse mufaelo, akumwetulira, akuti panangokhala kusamvetsetsana.

Titakhala pansi ndi gogo uja kuwerenga, tinapeza quotation imodzi yokha ya madenga, ya kampani ya mkamwini wa wapampando. Ndalama ya reserve ankaitapa chaka ndi chaka kutsekera mabowo a bajeti ya tsiku ndi tsiku, kuti levy izioneka yotsika iwo azisankhidwanso. Pulani ya zaka 10 yokonzera nyumba, yomwe lamulo limafuna, inali tsamba limodzi lakalekale. Maminitsi a miyezi ingapo kunalibe. Sindikunena kuti anaba, umboni wa kuba sitinaupeze. Koma ankayendetsa ndalama za anthu 60 ngati za m'thumba mwake, ndipo aliyense wofunsa ankamuona ngati wamwano.

Zinatha bwanji? Musayembekeze zokoma. R18,000 ija tinalipirabe, ndi chiwongoladzanja pamwamba, poti ma trustee ali nayo mphamvu yoika special levy ndipo madenga ankadonthadi. Azakhali ndi gogo uja anayenda khomo ndi khomo, wina ndi ndodo wina ndi choyendera chamatayala, kutolera masaini kuti pakhale msonkhano wapadera. Pamafunika eni nyumba okwana 25 peresenti, kuwerengera kukula kwa nyumba zawo. Ena ankasaina atatseka makatani. Pamsonkhanowo ma trustee awiri anachoka, gogo uja analowa, madenga anaitanitsa ma quotation atatu. Wapampando? Alipobe mpaka lero. Ma proxy aja pano amawagawira mkazi wake ndi anzake a bowling, awiriawiri, zonse mwalamulo. Azakhali anthu anawapempha kuti aime, anakana. Mu holo muja sanapondemonso, ngakhale pa Khirisimasi.

Ndiye inu mumve kuno. Choyamba, amayi asasiye kulipira levy, olo mtima uwawe bwanji. Lipirani, pa kalata lembani kuti mukulipira koma simukugwirizana nazo. Ngakhale kunena zoona, ife makalata athu onse aulemu aja palibe anawawerenga, anatidziwa kuti tilipo titasiya kulipira. Komabe musatero, mtengo wake ndauona.

Musanakalipe, kokani faelo pansi pa bedi muone kuti amayi anasaina chiyani, chifukwa simunanene. Zomwe ndafotokozazi ndi za sectional title. Ngati ndi HOA (homeowners' association, bungwe la eni nyumba pomwe aliyense ali ndi puloti yake), nthawi zambiri imakhala kampani yosapanga phindu, ndiye malamulo ake ali mu MOI yake, chikalata chokhazikitsira kampaniyo, ndi mu Companies Act ya 2008, kapena mu constitution ya bungwelo, ndipo malire a ma proxy awiri aja musawadalire, muwerenge zomwe analemba mmenemo. Ngati ndi life right, ndiye nyumbayo si ya amayi, anagula ufulu wokhalamo moyo wawo wonse, mwini wake ndi kampani, ndipo chowateteza ndi kontirakiti yawo ndi Housing Development Schemes for Retired Persons Act ya 1988. Midzi yambiri ya okalamba kuno ndi ya mtundu umenewu, ana amadzadziwa pamaliro. Chabwino n'chakuti CSOS imalandira madandaulo a mitundu yonse itatu.

Chilichonse chikhale cholemba. Zapakamwa pa khonde la ofesi zimauluka. Pemphani zinthu zotchulika: malipoti a ndalama owunikidwa ndi auditor, bajeti, sitetimenti ya reserve fund, maminitsi, ma quotation. Musalembe kuti mukuba, lembani kuti ndikupempha kuona. Kalata yoitanira msonkhano ku sectional title imayenera kufika masiku 14 msonkhano usanachitike, pamodzi ndi mapepala okakambirana, ndiye mukhale pansi ndi amayi muwerenge mzere ndi mzere. Ndipo ngati malamulo a kumeneko akulola, amayi akulembereni proxy inuyo, mulowe ngati woimira mwini nyumba, osati mlendo wokhala kumbuyo ngati ine. Aja amati m'kakhala nawo bwanji pamsonkhano wotopetsa, dziwani kuti anthu akapanda kukwana, msonkhano umangosunthidwa sabata imodzi, ndipo sabata yotsatirayo ochepa omwe abwerawo ndi amene amagamula za onse.

Koma chachikulu, amayi asaimirire okha mu holo. Apeze kaye anzawo atatu anayi pa tiyi, funso lituluke pakamwa pa anthu angapo. Ndipo musamuyambe wapampandoyo, muzimupatsa moni bwinobwino, mwina n'kumutengera kabotolo ka Nali mukabwera kumudzi, poti amayi ndi amene azitsala naye inu mutabwerera kwanu. Ine wathu uja ndimamudutsa osamuyankha, koma inu musatengere ine.

Mundiuze ku inbox kuti ndi mtundu uti mwa itatu ija, kalata yathu ija ndikadali nayo mufoni, mungosintha nambala ya nyumba.