Kodi ndege youluka m'munsi ku Malambo yaona mafuta?

Bambo wina wa ku Mambwe anditumizira imelo. Akuti kandege kakhala kakuuluka m'munsi kwambiri, kupita n'kubwerera m'mizere yowongoka, ndipo pamsika mbiri yafala kuti m'chigwa cha Luangwa mwapezeka mafuta. Akufunsa ngati ndege ingaone mafuta ali pansi pa nthaka.

Iyayi bambo, singawaone. Ndege zoterezi zimanyamula chipangizo chotchedwa magnetometer, kawirikawiri pandodo yaitali kumchira, choyeza mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Mafuta ndi gasi alibe maginito. Chimene akatswiri akufuna kudziwa ndi kuya kwa chigwa.

Miyala yakale yolimba, monga ya m'mapiri ozungulira Chipata, imakhala ndi timibulu ta magnetite tokoka maginito. Ku Malambo, m'chigwa cha Luangwa, miyala yotereyi inatitimira dziko litang'ambika, ndipo pamwamba pake panaunjikana mchenga, matope ndi zomera zowola zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo. Iyi ndiyo miyala ya Karoo, gulu lomwelo lomwe muli malasha a ku Maamba, ndipo maginito ake ndi ochepa zedi. Choncho chipangizo chija chimamva mwala wolimba wa pansiwo. Ukakhala pafupi, manambala amakwera ndi kutsika mwamsanga. Ukakhala pansi kwambiri, amasintha pang'onopang'ono, monga ng'oma yakutali imene imangomveka kulindima. Pamenepo amawerengera kuti miyala ya pamwambayo ndi yochindikala bwanji.

Kuchindikalako n'kofunika chifukwa zowola zimasanduka mafuta zikaphikika ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 60 mpaka 120, komwe nthawi zambiri kumapezeka makilomita 2 mpaka 4 pansi. Chigwa chosaya sichifikapo. Mapu ochokera m'manambala aja amaonetsanso ming'alu ikuluikulu, komanso pomwe mwala wosungunuka unalowerera n'kupsereza zomwe zikanakhala mafuta.

Koma kuya kokha sikukwanira. Pamafunika mwala wobala mafutawo, wina wa timibowo towasunga, ndi wina wothina wowatsekera pamwamba. Ndege singatsimikize zimenezi. Amayezanso mphamvu yokoka ya dziko, kenako amatumiza mafunde pansi n'kumvetsera kubwerera kwake, ndipo pomaliza amaboola chitsime. Chigwa chathu chinadutsamo kale mu zonsezi: m'zaka za m'ma 1980 kampani ya Placid Oil inaboola zitsime ziwiri m'chigwa cha Luangwa, china chakufupi ndi Chama, ndipo sinapeze mafuta oti n'kugulitsa. Zitsime ziwiri n'zochepa pa chigwa chachikulu chotere, motero ine sindinena kuti nkhani inatha. Komabe mpaka lero Zambia sikumba mafuta akeake.

Dziwaninso kuti mu 2024 boma linayambitsa kafukufuku wa pandege wa dziko lonse, wochitidwa ndi kampani ya Xcalibur, ndipo cholinga chachikulu ndi miyala ya mtengo wapatali monga mkuwa. Ndege ikadutsa pamudzi panu sindiye kuti pasankhidwa.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi anthu amene amatsatira mphekesera zoterezi. Lamulo la mafuta la 2008 limati mafuta onse a pansi pa nthaka ali m'manja mwa boma, osati mwa mwini munda. Wina akabwera kufuna munda wanu mwachangu, kapena kutolera ndalama zolembera maina a ntchito ya kumafuta, musasaine kanthu. Kaonaneni kaye ndi amfumu, ndipo mukafunse ku ofesi ya DC ngati munthuyo ali ndi chilolezo cha boma.