Yankho kwa msuweni pa za magazi a azakhali

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Ndimati ndilembe koma ndangotsika kumene minibasi pa Chinamwali, ndiye ungomvera. Wafunsa kuti bwanji azakhali, amayi akowo, awatenganso magazi pomwe vuto ndi chiuno, komanso ngati magaziwo angaonetsedi kuti munthu adzabwerera kuchipatala opaleshoni yoika chiuno chatsopano ikachitika. Hmm. Iwe ndimakudziwa, takula tikudya mbale imodzi. Funso lako si limenelo. Ukuganiza kuti apeza chinachake choopsa ndipo tikukubisira poti uli ku Joni, ngati zija za nthawi ya agogo. Dikira kaye.

Ukuwakumbukira amalume ako a ku Kachulu mmene anagwera pa njinga? Anali atanyamula dengu la matemba, ayi, bodza, linali thumba la mpunga, matemba anali ulendo wina uja. Fupa la m'chiuno linathyoka, anawaika chitsulo. Munthu uja anali ndi shuga zaka zambiri, koma tsiku loyezetsa likayandikira ankasala kudya kuyambira dzulo lake kuti kamakina kobaya chala kaonetse bwino. Akatuluka basi, thobwa wothira shuga masipuni anayi, Fanta pamwamba. Mankhwala ankawasunga m'thumba la jekete lija lopitira ku tchalitchi, amayi anakawapeza osatsegula n'komwe. Ndiye ngozi siidikira munthu, opaleshoni inayenera kuchitika msanga, panalibe mpata wokonza shugayo. Tinawatulutsa akuseka, akuti sabata yamawa ndikwera bwato. Patapita masabata atatu bala linayamba kutulutsa mafinya, thupi kutentha, tinabwerera nawo usiku pa galimoto yobwereka ija. Gadiyani anali ndani? Ine ndi amayi ako omwewa, kugona pansi. Iwe unabwera kamodzi ndi nthochi, n'kudyanso wekha theka, usakane. Anachira, inde, koma anavutika, ndipo mpaka lero ndikawaona akutsimphina mtima umandiwawa.

Aaa, ndimanena chiyani... eya, magazi.

Tamvera, ine mu wodi ndaziona. Amene amabwerera m'masiku 30 kapena 90 oyambirira, kawirikawiri ndi bala lolowa tizilombo, magazi kuundana m'mitsempha ya mwendo, kugwa, kapena chiuno chatsopanocho kuguluka. Zina mwa zimenezi magazi amachenjezeratu. Amayang'ana Hb, kuchuluka kwa magazi: mzimayi akhale pa 12 kupita m'mwamba, mwamuna 13. Ikatsika, munthu amafooka, nthawi zambiri amafunika kumuthira magazi, ndipo amachedwa kudzuka pa bedi. Amayang'ana albumin, puloteni ya m'magazi, imene ikakhala pansi pa 3.5 bala limavuta kupola, ndipo nthawi zambiri ndiye kuti zakudya zomanga thupi zikuperewera. Pali HbA1c, imeneyo imaonetsa shuga wa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, moti nzeru za amalume zosala tsiku limodzi sizingagwire. Kenako creatinine, yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa mankhwala ena opha ululu amapweteka impso zofooka kale.

Koma pepala silinena kuti uyu abwerera, uyu ayi. Limangoonetsa mbali imene munthu wafooka. Wina zonse zili bwino amatha kuterereka ku bafa n'kubwerera ndithu.

Tsono za azakhali. Shuga alibe. Impso zili bwino. Albumin ili pamalire, koma siinagwe. Chimene chatsika ndi Hb, ili pa 10 ndi pang'ono, ndipo sindikudabwa, malungo aja a mwezi wa Malichi anawagwetsa, komanso kudya kwawo ukukudziwa, tiyi ndi mbatata basi. Adokotala ku Blantyre asuntha tsiku kuti magazi akwere kaye, n'chifukwa chake akuyezanso. Palibe chobisika, msuweni. Mpata umene amalume sanaupeze, amayi ako aupeza.

Awapatsa mapiritsi owonjezera magazi, ndipo amatenga masabata kuti agwire ntchito, si za mawa. Asamwere tiyi, tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, bola madzi kapena lalanje. Chimbudzi chikada asaope, ndi mapiritsiwo. Ndiye ndalama ya basi imene ukufuna kuthamangira nayo kuno, isunge kaye, udzabwere nthawi ya opaleshoni yeniyeni, tidzafuna munthu wamphamvu wowagwira poyenda. Panopa tumiza ya ndiwo: usipa, mazira, nyemba, chiwindi kamodzi pa sabata, bonongwe ali kuseri kwa nyumba.

Wandimva? Sanapeze matenda atsopano, apeza chinthu chokonzeka, ndipo tikuchikonza asanalowe ku theatre. Ndibwerezenso poti iwe umamva theka: kuchedwaku n'kofuna kuti akatuluka atulukiretu, asabwererenso. Pepala la zotsatira ndilijambula ndikafika kunyumba, uwerenge wekha. Uwaimbire madzulo ano, akhala akufunsa kuti mwana wanga wakwiya kapena.