Kodi ng'ombe zigulitsidwe kuti mwana akachite Masters?

Bambo wina wa ku Katete wandilembera kuti mwana wake wamkazi anamaliza digiri ya zaulimi ku University of Zambia (UNZA), ndipo tsopano papita chaka ndi miyezi ali pakhomo osapeza ntchito. Mwanayo akupempha kuti abwerere kusukulu akatenge digiri yachiwiri, imene ambiri amaitcha Masters, pokhulupirira kuti ndiyo idzamupezetsa ntchito. Bambowo ali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kugulitsako zinayi kuti alipire maphunzirowo.

Bambo, ndikuyankhani mosapsatira mawu: ng'ombezo musazigulitse chaka chino. Chimene chikusowa pa mapepala a mwana wanu si digiri ina ayi, koma umboni wakuti anagwirapo ntchito kwinakwake ndipo pali munthu amene angamuchitire umboni. Mukawerenga zolengeza ntchito m'nyuzipepala mudzaona kuti zambiri zimafuna digiri yoyamba pamodzi ndi zaka ziwiri kapena zitatu za ntchito, ndipo wolemba ntchito akaona munthu wa madigiri awiri amene sanayambe walandirapo malipiro, kawirikawiri amaopa kuti adzafuna ndalama zambiri kapena adzachoka msanga akangopeza malo ena.

Sindikunyoza Masters. Pali ntchito zimene popanda digiri imeneyi munthu sapita patali. Wofuna kuphunzitsa pa yunivesite, kaya ku UNZA, ku Copperbelt University ku Kitwe kapena ku Mulungushi University ku Kabwe, ayenera kukhala nayo, ndipo wofuna kukhazikika pa kafukufuku wa mbewu, monga amene amachitika ku Msekera pafupi ndi Chipata pansi pa ZARI, bungwe la boma lofufuza zaulimi, idzamuthandiza kwambiri. Koma m'boma malipiro amatsatira mpando umene munthu wakhalapo, ndipo aphunzitsi ambiri amene anadzilipirira maphunziro apamwamba akudziwa kuti pepala latsopano silikweza malipiro mwezi womwewo ngati mpando wapamwamba palibe.

Kuno kummawa ntchito ya zaulimi ilipo, kungoti ndi ya fumbi. Makampani ogula thonje, mpendadzuwa, soya ndi mtedza, pamodzi ndi mabungwe othandiza alimi, amafuna alangizi okwera njinga yamoto kupita ku Sinda kapena ku Chadiza, kukayeza mbewu pa sikelo, kulemba mayina a alimi m'kaundula ndi kufotokozera gogo chifukwa chimene thonje lake lagwidwa ndi mbozi. Ana athu ena a digiri amaiona ntchito imeneyi ngati yowachepera, ndipo pamenepa ndimawatsutsa, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi ya ntchito yotere, ngakhale ya malipiro ochepa, imam'patsa munthu kalata ya umboni ndi funso lenileni loti adzafufuze akadzabwerera kusukulu. Ngakhale thandizo la Chevening, limene boma la Britain limalipirira nalo ophunzira a Masters, limafuna kuti wopempha akhale atagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri.

Mwana wanu akadzayamba ntchito, angathe kuphunzira madzulo kapena maphunziro a patali uku akudzilipirira pang'onopang'ono. Asanapereke ngwee iliyonse afufuze ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka ndi Higher Education Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndipo ngati sukuluyo ndi yakunja kapena ya pa intaneti afunsenso ku Zambia Qualifications Authority ngati pepalalo lidzalandiridwa kuno.

Werengeraninso zimene ng'ombe zinayi zimachita pakhomo panu. Mwa zimenezo mwina muli zokoka khasu ndi ngolo, ndipo zikachoka mvula ya Novembala isanagwe, munda udzachepa, pamene fizi ya chaka chachiwiri, nyumba ya lendi ku Lusaka ndi ndalama ya kafukufuku zidzakhala zikudikirabe. Khalani naye pansi mwana wanu, mumuuze kuti akubweretsereni zolengeza ntchito zitatu zimene zalembedwa momveka kuti zikufuna Masters, ndipo atchule imene akuifuna. Akazipeza, mundilemberenso tione za thandizo la maphunziro limene angapemphe. Akalephera kuzipeza, mwezi uno ndalama ipite pa basi yokaperekera makalata ofunsira ntchito ku Chipata ndi ku Petauke.