Funsani Anamwino: Kodi alamu ya pabedi ingaletse agogo kugwa usiku?

Anamwino,

Ndine mmodzi mwa amayi anayi amene timasinthana kusamalira okalamba asanu ndi mmodzi m'nyumba imene mpingo wathu unapereka kuno ku Santhe. Usiku amagonako mmodzi yekha wa ife, pabalaza. Agogo ena aakazi a zaka zopitirira 80 agwa kawiri chiyambire June, maulendo onse m'bandakucha potsika pabedi. Ulendo wachiwiriwu tinawapeza pasimenti atang'ambika pachipumi. Mdzukulu wawo wa ku Johannesburg akuti atumiza kachipangizo koyala pamatiresi, kamene kamalira munthu akadzuka. Kodi kamathandizadi? Anzanga akuti bola tikhomere matabwa m'mbali mwa bedi.

Mayi wa ku Santhe, Kasungu

Mayi,

Pepani ndi ngoziyi, ndipo zikomo inu ndi anzanuwo. Kudikirira okalamba usiku ndakuchita zaka zambiri muwodi, kulemera kwake ndikukudziwa.

Za matabwazo ndiyankhe msanga. Musakhome. Munthu amene mkodzo wamuthina saona thabwa ngati malire, amangolikwera, ndiye amagwa kuchokera pamwamba kuposa poyamba. Ena mwendo kapena khosi limapanikizika pakati pa thabwa ndi matiresi. Kuwamanga ndi chitenje pabedi nakonso ayi, ndi nkhanza ngakhale womangayo atakhala ndi mtima wabwino.

Kachipangizoko mukalandire, koma mudziwe kagwiridwe kake ka ntchito. Kofala ndi kotandika kopyapyala kamene mumayala pansi pa nsalu yogonera, pamene pamafika msana kapena matako. Kamamva kulemera kwa munthu, ndiye kulemerako kukachoka belu limalira. Kena mumayala pansi m'mbali mwa bedi, kamalira phazi likaponda. Kena ndi kachingwe kopanira pa chovala, kamene kamasolola kamaginito munthu akadzuka. Tonseti ntchito yake ndi kudzutsa inu basi. Dzanja logwira agogo likhalabe lanu.

Mu 2012 madokotala anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa chipatala china ku Memphis, ku America, m'mawodi 16 ndi odwala opitirira 27,000. M'mawodi ena anamwino analimbikitsidwa kugwiritsa ntchito ma alamu a pabedi kwambiri, m'mawodi ena ayi. Powerengera anapeza kuti odwala ankagwabe chimodzimodzi. Ku Nottingham, ku England, anayesanso, zotsatira zake zomwezo. Ine sizinandidabwitse. Kuchoka pamene msana wanyamuka kufika pamene munthu waimirira ndi kanthawi kochepa zedi. Inu muli pabalaza, tulo ta m'ma 3 koloko, mudzidzimuke, mufufuze tochi, mutsegule chitseko. Pofika mupeza zachitika kale. Komanso belu limalira ngakhale munthu angotembenuka, ndiye likakunamizani kasanu usiku umodzi, kachisanu ndi chimodzi mumati lisiyeni.

Pali bambo wina wachikulire amene sindimuiwala. Ndinali pa tebulo la anamwino, mapazi khumi okha kuchoka pa bedi lake, ndikulemba lipoti. Ndinamva neti ikukwekwesa, ndinati ndimalize mzere umodzi. Kenako phii! Ndinamupeza chagada, chala chachikulu cha kuphazi chitakola m'munsi mwa neti, m'manja atagwirabe mpukutu wa pepala la kuchimbudzi. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anandiuza kuti sanandiitane chifukwa anaona kuti ndatanganidwa. Okalamba athu ambiri ndi otero, amachita manyazi kudzutsa mwana wa eni ake kuti awaperekeze kukataya madzi.

Ndiye alamu ikabwera, wodikirira asamukire m'chipinda momwemo, mphasa kapena matiresi ake akhale poti akatambasula mkono afika pa bedi la agogo. Belu mulichepetse mawu, chifukwa likamalira ngati la galimoto lidzutsa anzawo asanu aja, ndipo agogo eni ake angadzidzimuke n'kuthamangira kutsika. Mdzukuluyo mumuuze asankhe ka batire wamba wopezeka m'magolosale a kwanuko, poti magetsi athu mukuwadziwa. Madzulo aliwonse kayeseni ndi dzanja. Podikira katunduyo, mangani kabelu kapena zitsekerero za mabotolo zoboola m'munsi mwa neti. Munthu asanatsike amayamba wakweza neti, choncho phokoso lake limakupezani agogo akadali pabedi.

Koma funso limene ndikufuna mulifunse kwambiri ndi lakuti, agogowa akudzukiranji nthawi imeneyo? Mwa anthu amene ine ndawatola pansi usiku, ochuluka ankapita kukakodza. Kwa sabata imodzi lembani m'kope nthawi imene amadzuka. Mukaona kuti ndi cha m'ma 3, inu muziwadzutsa chakum'ma 2 koloko ndi theka, muwathandize, agonenso. Chidebe chovundikira chikhale pafupi ndi bedi, ndipo kalipentala angakuboolereni mpando wolimba wa manja kuti chidebecho chizikhala pansi pake. Chimbudzi chapanja, m'mdima ndi chisanu cha June ndi July, si cha munthu wa zaka 80. Tiyi ndi thobwa azimwa masana, madzulo pang'ono, koma musawamane madzi, chifukwa thupi louma limabweretsanso chizungulire.

Tengani kabuku kawo ka kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa mukaonetse adokotala. Mankhwala ena a BP, monga HCTZ ndi furosemide, amakodzetsa, n'chifukwa chake amayenera kumwedwa m'mawa. Diazepam, amitriptyline ngakhale Piriton amasiya munthu ali dzandidzandi. Musawasiyitse nokha. Mupemphe awayeze BP atagona, kenako ataimirira. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa pa mphindi zitatu zoyamba, ndiye kuti mwina amachita chizungulire akaimirira. Munthu wotere azikhala kaye m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi, awerenge pang'onopang'ono mpaka 30 asanaime. Awaonenso maso, poti ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, komanso awayeze shuga, amene amakodzetsa usiku.

Zina ndi zazing'ono. Bedi lifupikitsidwe kuti akakhala mapazi aziponda pansi bwinobwino. Kanyali ka sola kaziyaka usiku wonse. Simenti ya m'chipinda chawo musaipake polishi. Patapata achoke, ndodo ikhale mbali imene amatsikira.

Ngati agogowa amadzuka osadziwa kumene ali, n'kumafuna kupita kumunda pakati pa usiku, amenewo angakhale matenda oiwalaiwala a ukalamba. Ndikunena izi chifukwa m'midzi mwathu nkhalamba yoyenda usiku imafulumira kutchedwa mfiti, ndipo ena aphedwa nazo. Afotokozereni a mpingo ndi anansi zisanafike pamenepo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Amene wagwa kawiri m'miyezi yochepa ali pa chiopsezo chogwanso, choncho konzekani. Zikachitika musathamangire kuwadzutsa. Afunditseni bulangete pomwepo, muwafunse pamene pakupweteka, muyang'ane miyendo. Mwendo umodzi ukaoneka waufupi, phazi litagwera kunja, ndiye kuti mwina fupa la m'chiuno lathyoka. Musawaimiritse, musawakweze kabaza. Anyamuleni chigonere pa chitseko kapena thabwa lalikulu, mupeze galimoto yopita ku chipatala cha boma ku Kasungu, kumene akawajambula n'kuona ngati ayenera kutumizidwa ku Lilongwe. Ndipo poti ulendo wathawu anamenyetsa mutu, muziwayang'anitsitsa kwa masabata angapo. Akayamba kusinza masana onse, kusanza, kudandaula mutu wosaleka kapena kufooka mbali imodzi, pitani nawo tsiku lomwelo.

Anamwino