Kuyenda ndi kugona m'nkhalango ya paini ya ku New Jersey

Mayi wina amene anakulira ku Zomba, koma tsopano akukhala ku Philadelphia m'dziko la America, anditumizira imelo yofunsa za ulendo umene anzawo a kuntchito awaitanira. Gululo likufuna kukayenda pansi masiku awiri kapena atatu m'nkhalango ya Pine Barrens, kum'mwera kwa New Jersey, n'kumagona m'matenti. Mayiwa akuti anazolowera kuyenda m'mapaini a pa phiri la Zomba, ndipo popeza amva kuti nkhalangoyi ilibe zitunda, akufunsa ngati pali china chofunika kuchikonzekera mwapadera, ngati madzi ofiirira a m'mitsinje ya kumeneko ndi omweka, komanso ngati angasonkhe moto usiku.

Mayi, zikomo chifukwa cha mafunso anuwa. Poyamba ndinene kuti zimene mukudziwa za ku Zomba zikuthandizani pang'ono chabe. Paini wa ku Zomba ndi wochita kubzala, wautali ndi wowongoka, ndipo ali pa phiri lotalika mamita pafupifupi 2,000 pamene pamagwa nkhungu ndi mvula yambiri. Wa ku Pine Barrens, amene eni dziko amamutcha pitch pine, ndi womera yekha, wamfupi ndi wokhotakhota, ndipo amamera pa mchenga woyera wosasunga madzi. Chitunda chodziwika kwambiri pa njira imene mukatsate, Apple Pie Hill, n'chokwera mamita 60 okha kapena kuposerapo pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere. Choncho phuma la pa chitunda simukaliona, koma pafupifupi mavuto onse amene mukakumane nawo akachokera ku mchengawo.

Njira imene magulu ambiri amatsata ndi Batona Trail, imene inayamba kulambulidwa m'chaka cha 1961 ndipo tsopano ndi yotalika makilomita pafupifupi 85. Imachokera pa malo otchedwa Ong's Hat, m'nkhalango ya boma ya Brendan T. Byrne, n'kudutsa m'nkhalango ya Wharton mpaka kukathera ku Bass River. Mbali zambiri pansi pake ndi polimba chifukwa cha masamba a paini ndi mizu, koma pamene njirayi yalowa m'misewu ya mchenga wofewa phazi limamira n'kubwerera m'mbuyo pang'ono nthawi iliyonse mukaponda, moti akatumba ndi akakolo amatopa msanga kuposa mmene munthu amayembekezera. Mchenga ukalowa m'nsapato n'kusakanikirana ndi thukuta umatulutsa matuza, ndiye muvale nsapato zimene munaziyendera kale, mutenge masokosi osinthira, ndipo musachite ulesi kukhala pansi n'kukutumula nsapato mukangomva kuti mkati mwayamba kukhakhala. Kwa munthu amene akuyamba kumene kusenza chikwama cholemera kumsana, makilomita 15 pa tsiku ndi okwanira.

Kusochera ndiko kumene ndikufuna muopepo kwambiri. Pa phiri munthu amadziwa kumene ali poona nsonga ndi zigwa, koma kuno mitengo ndi yofanana mbali zonse, ndipo nkhalango yonse yadulidwadulidwa ndi misewu yakale ya mchenga yopanda zikwangwani. Batona ili ndi zizindikiro za utoto wa pinki pa makungwa a mitengo. Mukayenda kamtunda osachiona chizindikirocho, bwererani pamene munachiona komaliza m'malo mongopitirira poganiza kuti misewuyo ikakumana kutsogolo. Netiweki ya foni imasowa m'malo ambiri, choncho mapu muwasungiretu m'foni musananyamuke, ndipo mukhalenso ndi apepala, amene mungawafunse ku ofesi za nkhalango ya Wharton ku Batsto kapena ku Atsion.

Za madzi, mtundu wofiirira wonga tiyi umene mwaumvawo si matope. Umachokera ku masamba ndi mizu ya mitengo ya m'madambo, makamaka ya cedar, komanso ku chitsulo chimene chili m'nthaka. Chitsulo chomwecho ndicho chinachititsa kuti ku Batsto kumangidwe ng'anjo yosungunulira chitsulo m'chaka cha 1766, ndipo mudziwo ulipobe ngati malo osungirako mbiri, oyenera kuwaona ngati nthawi ilipo. Komabe mtundu wa madzi sutiuza ngati muli tizilombo toyambitsa matenda kapena ayi, ndiye muwasefe ndi sefa ya paulendo kapena muwawiritse musanamwe. Vuto lenileni ndi lakuti mvula imalowa pansi msanga, moti pakati pa mtsinje wina ndi unzake mutha kuyenda maola angapo osapeza dontho. Mudzaze mabotolo paliponse pamene mwapeza madzi, ndipo pochoka pa mtsinje mukhale ndi malita awiri kapena atatu.

Funso la moto ndi limene ndikufuna kuliyankha mosapita m'mbali. Nkhalangoyi imapsa mosavuta, ndipo paini wake anachita kuzolowerana ndi moto: akapsa amaphukira pa thunthu, ndipo mitengo ina zipatso zake zimatsekedwa ndi utomoni mpaka kutentha kwa moto kutazitsegula kuti njere zigwe. Masamba ouma amene ali pa mchenga amauma msanga ngakhale mvula itagwa dzulo lake. Mu April 1963 moto wolusa unatentha maekala oposa 180,000 ku New Jersey n'kupha anthu asanu ndi awiri, ndipo mu June 2022 moto wina unawononga maekala oposa 13,000 m'nkhalango ya Wharton, umene akuluakulu a za nkhalango ananena kuti unayamba ndi moto wosonkhedwa pa malo osaloledwa. Chifukwa cha ichi, kugona kumaloledwa pa malo okhawo amene boma linapatula, monga misasa yotchedwa Batona, Lower Forge ndi Mullica River, ndipo muyenera kulipiriratu chilolezo. Malamulo a moto amasintha malinga ndi kuuma kwa nyengo, makamaka kuyambira March mpaka May, choncho mufunse ku ofesi tsiku lonyamuka. Ine ndingakonde kuti muphikire pa kasitovu ka gasi, chifukwa n'kosavuta kukazimitsa ndipo sikasiya makala obisala mumchenga.

Pokhoma tenti mukaona kuti zikhomo zazifupi zimazuka zokha mphepo ikangowomba. Mutenge zazitali, kapena mumangirire chingwe ku kamtengo kouma n'kukakwirira chopingasa mumchenga. Musaiwalenso choyala pansi chochindikala, popeza mchenga umataya kutentha msanga dzuwa likalowa, ndipo usiku wa m'nkhalangoyi umazizira kuposa wa mumzinda wa Philadelphia ngakhale kuti malowa ndi oyandikana.

Pa zilombo, anthu obwera kumene amafunsa za njoka, koma njoka yaululu ya kumeneko ndi imodzi yokha, timber rattlesnake, ndipo ndi yosowa komanso yotetezedwa ndi lamulo, moti mukaiona ingoilambalalani. Zimene zimadwalitsa anthu ambiri ndi nkhupakupa. Zina ndi zazing'ono kwambiri moti munthu amaziyesa kadontho ka litsiro, koma zimafalitsa matenda a Lyme, amene amayamba ndi kutentha thupi, kuphwanya m'mfundo, ndipo nthawi zambiri ndi chibanga chofiira chomakula pamene zinaluma. Muvale thalauzi lowala mtundu, mulilowetse m'masokosi, zovala muzipopere mankhwala ophera tizilombo otchedwa permethrin kudakali masiku, ndipo madzulo aliwonse muzidzifufuza thupi lonse, makamaka kuseri kwa mawondo, m'khwapa, m'chiuno ndi m'tsitsi. Mukaipeza italuma, muigwire pafupi ndi khungu ndi kopanira kachitsulo n'kuikoka pang'onopang'ono mowongoka, osaiwotcha kapena kuipaka mafuta. Nkhupakupa kawirikawiri imafunika kukhala pa thupi tsiku lathunthu kapena kuposerapo kuti ipatsire matendawa, n'chifukwa chake kudzifufuza tsiku ndi tsiku kumathandiza. Mukadwala patapita masiku kapena milungu, muwauze adokotala kumene munapita.

Ngati anzanuwo sanasankhe kale tsiku, auzeni za kumapeto kwa October kapena kumayambiriro kwa November. Miyezi ya July ndi August kumatentha mwa chinyezi, kumachuluka ntchentche zoluma, ndiponso tizilombo tofiira totchedwa chiggers timene timasiya zilonda zoyabwa kwa milungu. M'nyengo imene ndatchulayi nkhupakupa zimakhalapobe, ndipo ndi nthawinso imene alenje amasaka agwape m'nkhalango za boma, choncho aliyense wa m'gulu lanu avale chipewa kapena chovala cha mtundu wa olenji wowala kuti azioneka patali.